Mawu anathawa, nyimbo inatsala

Ndaima pano kuyamika Mulungu ndi pakamwa pomwe panatsekeka.

Inali nyengo yosoka fodya. Ndili m'chigafa kwathu ku Chisepo, ndinangoona masamba akupulumuka m'dzanja langa lamanja, nanenso khu, pansi. Nditatsitsimuka kuchipatala ku Lilongwe, mkono ndi mwendo wakumanja zinali ngati za mwini. Zokamba anthu ndinkamva, yankho ndinali nalo mumtima, koma pakamwa pankatuluka liwu limodzi lokha: "basi". Ndikafuna madzi, basi. Kuitana bambo akunyumba, basi.

Kumudzi anati ndamenyedwa ndi hamala ya afiti. Adokotala anati ndi sitiroko, yobwera ndi BP imene ndinkaiyesa mutu wamba. Anafotokozera abambo ine ndili tcheru: ubongo uli mbali ziwiri, ndipo misempha yake imapingasana, mwakuti mbali yakumanzere imalamula thupi lakumanja. Mwa anthu ambiri, mbali yakumanzere yomweyo ndiyo imaluka mawu. Anati dokotala wina wa ku Paris, Paul Broca, anayamba kuzindikira zimenezi mu 1861 pa wodwala amene ankangoti "tan". Ndinaseka chamumtima: kani mnzanga analipo kale.

Nditabwerera kumudzi, amayi a Chigwirizano anabwera kudzandizonda. Atayambitsa nyimbo, ndinangozindikira ndikuimba nawo, ndime yonse, osaphonya liwu. Wina anagwetsa buku. Nyimbo itatha, ndinabwerera ku "basi" wanga.

Adokotala a mafizo sanadabwe. Anati kukwera ndi kutsika kwa mawu, komwe timadziwira nyimbo kapena kuti munthu wakwiya, kumadalira kwambiri mbali yakumanja, imene mwa ine sinakhudzidwe. "Amayi, chimene mukufuna kunena, muzichiimba."

Manyazi ake inu! Gogo wathunthu kupempha phala mochita kuimba, adzukulu akufa nazo kuseri kwa nkhokwe. Mwana wanga wamkazi ankandigwira dzanja lamanzere n'kumaligogoditsa pamphasa, liwu lililonse kugogoda kwake. Masiku ena ndinkakana n'kutembenukira kukhoma, iye osatopa. Dzinja linabwera n'kupita.

Mankhwala a BP sindidumphitsa tsopano, ndipo dzanja ili silisokanso fodya. Koma tsiku lina nditakhala pakhonde, mbuzi zinalowa pa ufa woyanika. Ndinakuwa: "Ana inu, mbuzi uko!" Osaimba. Palibe anathamangira mbuzizo, onse anangoima kundiyang'ana, ufa ukutha.