Zitseko za Malole Akale pa Bua

Msewu uno wa m'mbali mwa nyanja, umene ana inu mukuutcha M5, usanalawe phula unali mdani wa zitseko za malole. Bedford ikanyamuka pa boma ku Nkhotakota tambala woyamba atalira, itasenza matumba a mpunga wa faya ndi makaka, n'kuwoloka Bua kulunjika ku Dwangwa, inkapita ikunjenjemera m'makwinya a msewu aja ogogodetsa mano, kenako n'kutitimira mumchenga, kenako n'kupendekera m'zigwembe zimene madzi a dzinja anakumba, ndipo pofika nthawi yokolola chitseko cha dalaivala chinkakhala chitagwa phewa, chikukhula pansi, chosatsekeka pokhapokha utachitukula ndi bondo. Onjezerani apo chinyontho cha kunyanja, ndi nsomba za mpasa zija madalaivala ankamangirira pagalasi la pambali kuti zipitidwe mphepo, madzi ake akudonthera pachitseko ulendo wonse. Chitsulo chinkazunzika kuno. Koma kunali anthu odziwa kuchipepesa, ndipo ndi iwowo amene ndikuwalira, ine amene ndinkawanyamulira nyundo ndili mnyamata, lero manja akunjenjemera ngakhale pogwira kapu ya tiyi.

Amene anandiphunzitsa tinkangowatchula kuti Afundi, monga tinkatchulira amisiri okhoma zombo kugombe. Anagwira ntchito m'galaja ku Bulawayo nthawi ya Chitaganya, nabwerera kwawo chitatha mu 1963, atanyamula bokosi la mlombwa limene anthu awiri ankalitukula mobuula. Galaja yawo inali mthunzi wa mtengo wa mango. M'bokosimo munali nyundo za milomo yosiyanasiyana, ina yafulati, ina yosongoka, ina yamtengo. Munali matupa okulungidwa m'chiguduli. Munalinso zitsulo zosulira zogwirira kuseri kwa lata, china chodulidwa ku njanji, china chosulidwa kuchokera ku sipuling'i ya lole, zonse zosalala moti unkadzionamo nkhope. Lachisanu masana iwo akapita kumzikiti, ine ndinkatsala ndikupukuta milomo ya nyundozo ndi kansanza ka oyilo, chifukwa chipsera cha panyundo chimasamukira palata nthawi iliyonse ukamenya, ndipo iwo pobwera ankadzayendetsapo chala asanakhale pansi.

Mwini lole akabwera akudandaula za chitseko, Afundi tsiku limenelo chitsekocho sankachikhudza n'komwe. Ankalamula kuti katundu yense atsitsidwe, lole iimikidwe pabwalo limene tinalisalaza dala ndi kulitsindira, matayala apopedwe mofanana, ndiyeno iwo n'kulowa kunsi chagada, linya lili m'manja. Ankalikoka mopingasa, kuchokera pakona ya kutsogolo kumanja kwa chasisi kufika pakona ya kumbuyo kumanzere, n'kumanga mfundo, n'kutembenuzira mbali inayo. Mfundo ikapanda kugwera pomwe ikuyenera, ndiye kuti chasisi chapotoka, chitseko changosenza mlandu wa wina. Akatero ankayang'ana mphira zimene mutu wa lole umakhalira, pakuti kawirikawiri imodzi inkakhala itaphwatalala kapena itadyeka, mutu wonse n'kupendekera pang'ono, kupendekera kumene diso la munthu wodutsa silingakuone koma chitseko chimakumva. Tinkadula mphira zina ku lamba wakale wa chigayo, n'kumawonjezera kachidutswa kamodzikamodzi, kutsitsa jeke, kuyang'ana, kukwezanso, mpaka khomo la lole litabwerera m'chimake. M'mera mpoyamba. Mwini lole ankangoti chete pachitsa, dzuwa likupendeka, akuwerenga mumtima ndalama zimene zikumudutsa pamsewu, koma sankayerekeza kufulumizitsa mmisiri, chifukwa masiku amenewo ngakhale wamalonda ankadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'mawa mwake ndiye tinkafika pachitseko. Choyamba ankamasula kachitsulo ka pamphuthu kamene loko amakola, n'kukaponya m'thumba la malaya, kuti chitseko chilendewere pachokha chinene zoona, pakuti kachitsulo kameneko kamatha kukoka chitseko chakugwa n'kuchionetsa changwiro. Kenako ankachitsegula pang'ono, n'kuchigwira kunsi ndi manja awiri, n'kuchitukula. Chikati gwede, ndiye kuti mapini a mahinjesi adyeka, ndipo pa pini wodyeka palibe chimene ungalinganize. Tinkawagogoda kuwatulutsa, n'kusula ena, m'mabowo n'kulowetsamo timabushi ta mkuwa tosemedwa ndi tupa usana wonse. Asanamasule bawuti ankayamba azunguliza hinji ndi choko, kuti adziwe pamene achokera. Tikakhala kuti galasi talichotsa, ankandituma ku Bua kukatapa mchenga m'kathumba, wolemera mofanana ndi galasilo pamodzi ndi makina olikwezera, n'kukaika m'mimba mwa chitseko, chifukwa chitseko chopachikidwa chopanda kanthu chimadzatsika ukachibwezera zake. Ine yanga inali kugwada pafumbi, thabwa pajeke, chitseko pathabwa, makutu ali tcheru ku mawu awiri okha: kweza, tsitsa.

Muyezo wawo unali msomali wa folo inchi. Ankaulowetsa mumpata wa pakati pa chitseko ndi mphuthu ya kumbuyo, n'kuutsetsereza kuchokera kudenga kufika pansi, ndipo unkayenera kuyenda ukukhudza mbali zonse ziwiri, osakanirira, osagwedera. Chitseko chinkalinganizidwa ndi mphuthu imeneyo chifukwa ndi yokhayo yosasuntha. Madigadi ankadzatsata chitseko, boneti n'kudzatsata madigadi, aliyense kulemekeza mkulu wake. Mabawuti onse ankangowagwiritsa ndi zala mpaka zonse zitamvana, sipanala n'kudzabwera pamapeto, ndipo kachitsulo ka m'thumba kaja kankabwerera komalizira penipeni. Ankatsekera pepala la thumba la simenti pachitseko n'kulikoka, apa ndi apa kuzungulira, kuti amve ngati mphira yagwira ponseponse, poti pamene pepala lasololoka mosavuta m'pamene fumbi la chilimwe lidzalowere. Ndiyeno ankaitana kamwana kalikonse kosewera pafupi, kosayamba n'komwe sukulu, kuti kakankhe chitsekocho ndi dzanja limodzi. Chikati khu, kamodzi, mawu onenepa opanda kulira kwa chitsulo pambuyo pake, Afundi ankanyamuka kukasamba m'manja osanena kanthu. Mawu amenewo ndinasiya kuwamva pamsewu uno kalekale.

Nanga kuwongola! Lole ikakhulana ndi inzake pa milatho yathu yopapatiza ija yodutsa galimoto imodzi, kapena ikagunda mtengo pothawa njinga, Afundi ankayala kansalu padzanja, n'kutsinzina, n'kumasisita lata, mutu utapendekera kumbali, chifukwa dzanja limapeza zimene diso laphonya. Sankayambira pakati pomwe pafinyika kwambiri, iyayi. Ankayambira m'mphepete mmene kupindika kunathera, akuzungulira, akusendera pakati pang'onopang'ono, kuti chitsulo chibwerere njira imene chinadzera. Nyundo ikagunda pomwe pali chosulira kuseri imalira mokweza, ikamenya pambali pake imalira mogontha, ndipo iwo ali kuseri kwa nyumba akudya kondowole ankadziwa ndi khutu lokha kuti mnyamata wachulutsa kulira kokwezako, akutanula lata. Lata lotanuka ukalidina limalowa, ukalisiya limabwerera, ndipo mankhwala ake unali moto wa kabaidi, fungo lake lija lokakamira m'malaya mpaka kunyumba. Ankatenthetsa kamalo kokula tambala imodzi mpaka kafiire, n'kukagogoda mozungulira ndi nyundo yamtengo, n'kukapsontha ndi chisanza chonyowa, nthunzi n'kuti foo kumaso, chitsulo n'kudzikoka chokha kubwerera mwakale.

Land Rover za azibambo a ku mishoni ndi za alonda a m'nkhalango ya Nkhotakota zinali ndi khalidwe lina. Thupi lake ndi aluminiyamu, amene safiira ukamamuwotcha, amangosungunuka osatsanzika, komanso ukamumenya kwambiri amauma n'kung'aluka. Afundi ankapaka sopo wochapira pamalopo, n'kuyendetsa moto patalipatali mpaka sopoyo ade, ndipo akada ankadziwa kuti lata lafewa, nyundo ingathe kulowanso. Timaenje totsala pa zitseko zachitsulo, tosakwana n'chikhadabo chomwe, ankatidzaza ndi mtovu wosakaniza ndi tini, akuusalaza ndi kathabwa koviika m'mafuta a ng'ombe, kenako tupa. Ankachita manyazi akagwiritsa mtovu wambiri. Ankati mtovu ndi umboni wa pamene nyundo yalephera.

Ntchito inalipo, ana inu. ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971 malole ankakhamukira kumisika kukatenga mpunga ndi chimanga. Sikimu ya mpunga ya Bua itayamba m'zaka zomwezo anachuluka. Fakitale ya shuga ya Dwangwa itatsegulidwa mu 1979 msewu sunkagonanso. Ndiye m'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, sipeya anasowa, ndipo apo m'pamene mmisiri anaoneka kuti ndi mmisiri. Chitseko chowola kunsi sitinkachitaya. Tinkadula mbali yowolayo, n'kutambasula lata la mgolo wa oyilo, n'kulipinda pa njanji ija, n'kuliwotcherera pang'ono apa, pang'ono apo, kudikira lizizire kuti lisapotoke, osaiwala kuboola timabowo kunsi totulutsira madzi a mvula, m'kati n'kuthiramo oyilo wakuda wotsala mu injini. Popenta tinkayamba tayang'ana kunyanja. Tikaona nkhungu zafuka ngati utsi wa lupsa pamwamba pa madzi, penti inkabwerera m'chitini, chifukwa tizilombo timeneto tikatera pa penti yaiwisi ntchito ya sabata yonse yapita. Mwera ukamaomba ndi mchenga wake, chimodzimodzi, tinkadikira. Kuthamanga sikufika.

Taimani lero pamsika wa Bua muone zodutsa. Bedford anasiya kupanga malole ake ku England mu 1986, ndipo otsala kuno, amene akanatha kudzuka, ogula zitsulo zakale anawadula ndi moto n'kuwayeza pasikelo. Zabwera ndi Canter, Dyna ndi timinibasi togwiritsidwa kale ntchito ku Japan, todzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, lata lake lopyapyala loti ukaliwotcha pang'ono lapotoka. Chitseko chikagwa, mnyamata amathamangira pa kachitsulo ka loko kaja, kamene Afundi ankakamalizira, n'kukatsitsa, n'kuchimenyetsa katatu chitsekocho, mwini wake n'kulipira n'kumapita. Pakatha mwezi loko wadyeka, chitseko achimanga ndi mphira ya chubu, kondakitala wachikumbatira ndi mkono kuyambira pa Bua mpaka ku Dwangwa, amayi ali m'katimo ndi ana kumsana. Kunsi kwa galimoto kulibe wolowako ndi linya. Pofinyika sapamenyanso, amapakanda ndi gilayinda, n'kupamata fila wonenepa chala chathunthu, n'kupopera penti yonyezimira madzulo a tsiku lomwelo, ndipo wogula amasisita n'kumwetulira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ikagwa mvula yoyamba madzi amalowa kuseri kwa filayo, dzimbiri n'kuyamba kudya mwakachetechete, tsiku lina pabampu chigamba chonse n'kugwa. Ine ndikafuna kudziwa, ndimangoyendetsa maginito a sipikala yakufa m'mbali mwa galimoto. Pamene agwa pansi palibe chitsulo.

Anyamatawa manja ali nawo, sindiwanyoza, ena ndi adzukulu a anzanga. Koma anakulira m'nthawi imene mwini galimoto ali ndi ngongole yobweza Loweruka, ndipo mmisiri wonena kuti bwerani mkuja amagona ndi njala pamene mnzake womata fila akudya. Ndikayandikira ndi ndodo yanga n'kunena kuti yambani mwaona mapini, amandipatsa mpando mwaulemu, amati zikomo agogo, ndiye ndikamachoka ndimamva kuseri akuseka kuti tsabola wakale sawawa. Kale akuluakulu tinali m'dambo mozimira moto. Lero moto umazimira pa foni, pamene mwana amaonera mzungu akuwongola galimoto m'mphindi zochepa, osadziwa kuti masiku a linya ndi jeke anawadula. Afundi atamwalira bokosi lija linagawidwa pamaliro kwa abale osadziwa ntchito yake. Nyundo zinakakhomera misomali ya madenga mpaka milomo itakumbika, matupa ananolera makasu, ndipo chidutswa cha njanji chija, chimene chinawongola zitseko za theka la malole a boma lino, ndinachipeza kugombe atachimanga chingwe, asodzi akuchiponya m'madzi kuimitsira bwato. Madzi akatayika sawoleka.

Yatsala Bedford imodzi imene ndikuidziwa, cha kumtunda kuno kufupi ndi malire a nkhalango, yakhala pa zitsa kuyambira mwini wake atatisiya, nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala. Mdzukulu wa malemuyo, mwana amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anabwera pa Khrisimasi kudzandipeza kuti akufuna aidzutse, iziyenda monga inkayendera nthawi ya agogo ake, ndipo anali atagula kale zitini za penti yobiriwira ndi fila. Ndinamuuza kuti filayo akabweze kusitolo, pentiyo aibise kaye kuchipinda. Tinapita limodzi kukaiona. Chitseko cha kumanja chagwa, cha kumanzere chawola kunsi, koma mphuthu zili zolimba ndipo chasisi ndikuchikhulupirira, ngakhale linya ndilo lidzanene. Anandifunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji, ndinamuyankha kuti afunse loleyo. Akuti abweranso mvula ikatha. Ndamuuza kuti adzabwere ndi mkuwa wosemera mabushi, lamba wa chigayo, msomali wa folo inchi, ndi anyamata awiri amphamvu omva kuuzidwa, chifukwa ine chitseko cha Bedford sindingachitukulenso.