Tsiku Limene Ndinaperekeza Amalume

Acinyamata anzanga, pali nkhani imene ndakhala ndikuopa kuikamba ngakhale m'gulu lathu. Lero ndailemba, ndipo eni ake andilola, malinga ndisachule dzina lao.

Amalume anga ndiwo anandilipirira sukulu kufikira ku koleji. Anali makanika wa luso ku Matero. Mowa anauyamba monga ambiri, botolo limodzi pa Ciweru. Pamene tujilijili tunadzaza m'tuntemba, anayamba kumwa ndi m'mawa momwe. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma ludzu lao silinathe. Anatembenukira ku kacasu. Pamene ndinali kutsiriza koleji, garaji inali itatsekedwa, masipanala atagulitsidwa, ndipo akazi ao atabwerera kwao ku Katete ndi ana.

Ine, pokhala mtsogoleri wa acinyamata, ndinayesa kuti mau anga ndiwo mankhwala. Ndinawadzudzula, ndinawatayira mowa, ndinawalumbiritsa pamaso pa amai. Anali kulonjeza akulira, koma masiku atatu sanali kukwana. Tsiku lina anandiyang'ana nati, "Mphwanga, kodi udziwa cimene cimandidzutsa tambala asanalire, manja akunjenjemera? Ngati sudziwa, usandiphunzitse." Mau amenewa anandipweteka, koma anali oona.

Amene anationetsa njira ndi anesi a pa kiliniki. Coyamba anaticenjeza kuti munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Thupi lozolowera mowa likausowa, munthu angathe kugwa ngati wakhunyu, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kufa kumene. Ayenera kuonana ndi dokotala, ndipo kuno ku Lusaka cipatala ca Chainama cimathandiza pa mabvuto otere. Caciwiri, anatiuza za gulu lochedwa Alcoholics Anonymous, mwacidule AA.

Gulu limeneli linayamba mu 1935 ku Akron, m'dziko la America, pamene amuna awiri ogonja ku mowa, Bill Wilson ndi Dr Bob Smith, anapeza kuti kukambirana kunali kuwathandiza kukhala osamwa. Si chalichi ndipo si cipatala. Cofunika kuti munthu alowe ndi cimodzi cabe, kufuna kusiya mowa.

Kupeza msonkhano kunandibvuta pang'ono. Ulendo woyamba tinakwera maminibasi awiri, koma tinapeza holo yokhoma, cifukwa tsiku linali litasinthidwa. Pamenepo ndinaphunzira kuti nambala ya foni ukaipeza pa intaneti kapena ku kiliniki, uyambe watuma foni. Ufunse tsiku, nthawi, ndi mtundu wa msonkhano. Ilipo yotseka, ya okhawo amene ali ndi bvuto la mowa, ndipo ilipo yotseguka, imene wacibale angathe kukhalapo.

Mlungu wotsatira tinafika ku msonkhano wotseguka, m'kacipinda ka kumbuyo kwa chalichi ina. Pakhomo amalume anaima nati, "Tiye tibwerere, angandizindikire." Bambo wina wa imvi anaturuka, nawapatsa dzanja, nati, "Lowani atate, tiyi akali wotentha." Sanafunse ciriconse.

M'katimo munali mipando ya pulasitiki yoikidwa mozungulira. Ndinaona amai obvala bwino, mnyamata wa msinkhu wanga, ndi ena ooneka kuti ndi a m'maofesi. Aliyense anachula dzina loyamba lokha, nakamba za iye mwini, Cingerezi ndi Cinyanja mosakaniza. Panalibe wodula mnzace mau, panalibe wolalikira. Kulembetsa kunalibe, malipiro kunalibe. Kambale kanapita ndipo wofuna anaponyamo. Wina anasimba mmene anali kubisira botolo m'thanki ya cimbudzi. Onse anaseka, ndipo ndinamva amalume akuseka nao, kuseka kumene ndinali ndisanakumve kwa zaka. Pobwerera anati, "Anthu aja andidziwa." Ine amene ndinakulira m'manja mwao ndinakhala cete.

Kumeneko amatsata masitepe 12, ndipo loyamba ndi kubvomera kuti mowa wakuposa mphamvu. Salumbira za moyo wonse. Amalimbana ndi tsiku la lero lokha. Watsopano amasankha mnzace amene wakhala nthawi osamwa, woti amtumire foni ludzu likabwera.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinatha. Patapita miyezi iwiri amalume anamwanso pa maliro. Ine ndinakwiya, koma bambo wa imvi uja anapita kukawatenga, ndipo anayambanso kuwerenga masiku. Tsopano akonza magalimoto pansi pa mtengo ndi masipanala obwereka. Banja lao likali ku Katete, koma ana ayamba kuyankha foni.

Ndidziwa kuti m'magulu athu muli ena amene atate ao, alongo ao, kapena iwo eni ali m'bvuto lomweli, ndipo manyazi awatseka pakamwa. Simungathe kusiyira munthu mowa, monga simungathe kumdyera nsima. Cimene mungathe ndi kufunsa kumene msonkhano uli, kusunga cinsinsi, ndi kupeza ndalama ya minibasi. Masiku ano amalume amapita okha ku msonkhano wotseka. Ndikawaperekeza, ndimakhala panja pa benchi ndi kuwayembekeza.