ULENDO WA KWA DAMBE, DZIKO LA TIRIGU

Ku maiko a Azungu, monga France ndi Italy, kuli midzi ing'onoing'ono ya pa zitunda, yozingidwa ndi minda ya mpesa. Ndipo anthu a m'mizinda akatopa ndi phokoso amapita komweko kukapumula ndi kulawa vinyo wa eni mudzi. Ife kuno kwathu tiribe dziko lotere. Vinyo amene wansembe athira m'chikho pa Misa achokera kutali, kunja kwa malire athu. Koma pa guwa la nsembe sipafika vinyo yekha ai, pafikanso mkate. Ndipo lamulo la Eklezia liti mkatewo ukhale wa tirigu yekhayekha, monganso vinyo akhala wa mphesa zokhazokha. Tsono dziko la mphesa liri ndi mbale wake, ndilo dziko la tirigu. Ndipo mbaleyo tiri naye kuno, m'mapiri a kwa Dambe, m'boma la Neno. Ndiko tifuna kukutengerani mwezi uno, inu owerenga athu okondedwa.

Wochokera ku Blantyre aoloka Shire pa Zalewa, natsata mseu wa ku Mwanza, napatukira kudzanja lamanja kulinga ku Neno. Ife tinayenda njira yomweyo m'nyengo ya chisanu. Kunsi kuja, kufupi ndi Shire, ndi dziko lotentha la milambe; koma pamene tinali kukwera, mphepo inayamba kuzizira, ndipo m'mphepete mwa njira ana anali kugulitsa manachesi, chipatso chimene chabukitsa Neno ndi Mwanza m'dziko lonse.

Pa Neno sitinathe kupitirira osalowa m'tchalitchi, pakuti ndi mishoni yakale ndithu. Ansembe a chipani cha Montfort anayamba ntchito yao pa Nzama mu 1901, natsegula Nguludi mu 1903, ndi Neno mu 1906. Chotero Chikristu cha kuno chapitirira zaka 100, ngakhale boma lenileni la Neno ndi la dzulodzulo: linapatulidwa ku Mwanza mu 2003.

Kuchoka apo ndi chikweza chokhachokha. Mapiri amenewa pa mapu alembedwa Kirk Range, kutengera dzina la John Kirk, mnzake wa David Livingstone; ndiwo agawa madzi pakati pa dziko lathu ndi Mozambique. Mseu tinaupeza wa dothi ndi miyala, wokhotakhota ngati njoka, ndipo galimoto inali kulira ngati ng'ombe yolemedwa ndi goli. Titafika pamwamba tinacheuka, ndipo taonani, zigwa zonse tinaziona pansi pathu, nkhungu iri kuyenda m'menemo ngati utsi wa lupsa.

Chimene mlendo ayamba kumva kwa Dambe ndicho bata. Palibe kulira kwa makina kapena mkokomo wa msika waukulu. Umangomva tambala, belu la pa sukulu, ndi mphepo m'mitengo ya mapichesi. Nyumba ziri patalipatali, iri yonse ndi munda wake ndi khola lake. Eni mudzi anatilonjera mwaulemu, amai atagwada, abambo ataomba m'manja. Ndipo tisanafotokoze za ulendo wathu, anatikhazika pamoto natiphikira mbatata ya kachewere, pakuti kumeneko kuzizira kumalowa m'mafupa dzuwa likangopendeka.

M'mawa mwake mkulu wina wa mpingo anatitsogolera ku minda. Ambiri a inu simunaonepo tirigu ali m'munda, mungomdziwa ali m'sikono. Afanana ndi mpunga, koma safuna dambo la madzi. Akonda malo okwera ndi ozizira. Alimi a kuno, monga anzao a ku Tsangano m'boma la Ntcheu, amfesa mvula iri pafupi kutha, nakula ndi chinyontho chotsala m'nthaka pamodzi ndi mvula yowaza ya chiperoni. Akacha, phiri lonse lisanduka lofiirira, ndipo mphepo ikaomba ngala zake ziweyuka ngati madzi a m'nyanja. Pamenepo banja lonse lituluka: ena amweta ndi zenga, ena amanga mitolo, ena apuntha ndi ndodo pabwalo losesedwa, ndipo amai apeta ndi malichero. Si ntchito ya munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Kapena wina afunsa kuti: ngati tirigu alola m'mapiri amenewa, bwanji mpesa? Yankho lake liri m'nyengo. Mphesa zifuna dzuwa ndi mpweya wouma pamene ziri kupsa. Ku Cape, m'dziko la South Africa, mvula igwa m'miyezi yozizira, ndipo miyezi yotentha ikhala youma. Ndicho chifukwa chake Jan van Riebeeck anatha kufinya vinyo woyamba kumeneko mu 1659, ndi Afalansa othawa kwao, amene anafika mu 1688, anadzaza chigwa cha Franschhoek ndi minda ya mpesa. Ku Dodoma, m'dziko la Tanzania, kumene mvula ichepa, ansembe anabzala mpesa pa mishoni ya Bihawana, ndipo unalola. Koma kwathu kuno mvula yambiri igwa m'miyezi yotentha, nyengo yomwe mphesa zikadakhala ziri kupsa, ndipo chinyezi chiziolesa zisanakhwime. Mulungu sanaike mphatso zonse m'nkhokwe imodzi: ena anawapatsa mpesa, a kwa Dambe anawapatsa tirigu.

Komatu pali chinthu chimene chinatiwawa mtima. Dziko lathu ligula kunja pafupifupi tirigu yense amene tidya. Pamenepo mlimi wa kwa Dambe, amene ali naye pakhomo, asauka kupeza womgula pa mtengo woyenera. Mlandu wake ndi mseu. Mvula ikagwa, matope atseka njira, ndipo galimoto zochepa zimene zilimba mtima kukwera zifika ndi ogula amene atchula okha mtengo, podziwa kuti mwini mbeu alibe kwina kopita. Mbatata siidikira, ikakhalitsa iola. Chotero thukuta la miyezi yambiri lipita ndi ndalama zosakwanira fetereza ndi fizi ya mwana. Poona izi anyamata ambiri ataya khasu natsikira ku Blantyre kapena ku Joni, ndipo minda itsala m'manja mwa nkhalamba ndi amai. Ena mwa otsalawo athawira ku kachasu, amene sakondweretsa mtima monga vinyo wa pa ukwati wa ku Kana, koma atentha chiwindi nasiya ana ali ndi njala.

Tisanene kuti palibe chasintha. Kale wodwala ankanyamulidwa pa machira ulendo wa maora ambiri kutsikira ku Neno. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linayamba kugwira ntchito ndi boma m'dera lino mu 2007, ndipo mu 2016 chipatala cha Dambe chinatsegulidwa pamwamba pomwepo. Ngati njerwa ndi simenti za chipatala zinatha kukwera phiri, tirigu angathenso kutsika ndi ulemu wake.

Ndipo apa midzi ya mpesa ija itiphunzitsa kanthu. Wobzala mpesa adikira zaka zitatu asanathyole tsango loyamba, ndipo munda womwewo udyetsa ana ndi adzukulu ake. M'midzi yambiri ya ku France ndi Italy alimi ang'onoang'ono sagulitsa yense payekha: asonkhanitsa mphesa zao m'nyumba imodzi yofinyira, nagulitsa pamodzi, kotero kuti wogula sangathe kuwagawanitsa. Chuma cha midzi imeneyo sichinagwe kumwamba. Chinadza ndi kupirira, kugwirizana, ndi kusanyoza nthaka ya makolo. Zitatuzi sizifuna nyengo ya ku Ulaya. Zingamere ndi kwa Dambe komwe, makamaka m'mphakati ndi m'malimana mwathu, m'mene Akristu aphunzira kale kusenzerana katundu.

Inu makolo a kumapiri, musauze ana anu kuti ulimi ndi ntchito ya olephera sukulu. Auzeni kuti mbeu imene alima ndi yomwe Ambuye anasankha pa Mgonero wao wotsiriza. Inunso a m'mizinda, mukakumana ndi mai wosenza dengu la mbatata kapena mapichesi, musamtsitse mtengo mopanda chifundo, pakuti simudziwa mapiri amene watsika. Ndipo Lamulungu likudzali, pamene mkate ndi vinyo ziperekedwa ku guwa, tikumbukire m'mapemphero athu olima mpesa a kutali amene sitidzawaona, ndi abale athu olima tirigu kwa Dambe, kuti Mulungu adalitse minda yao, natsegule njira yao.