Mwana anakula, nanga mtima wa mayi wake?

Kwathu kuno mayi akabereka timati wacira. Mawuwa ndimawakonda, cifukwa amavomereza kuti wapakati amakhaladi pakati pa moyo ndi imfa. Koma amatigonekanso tulo. Tikangoti wacira, maso onse amatembenukira kwa khanda, makamaka likabadwa masiku asanakwane, ndipo mayi amatuluka m'cikuta n'kubwerera ku khasu popanda womufunsa.

Mayi anga aang'ono anabereka mwana wa miyezi isanu ndi iwiri tili kothawira nkhondo ku Dedza. Anali wocepa moti duku limodzi linkamukwanira thupi lonse. Anamusunga pacifuwa usana ndi usiku, monga mmene anamwino amaphunzitsira masiku ano pa njira ya Mãe Canguru, ndipo anapulumuka. Lero ndi bambo wa ana anayi, amagulitsa mbatata ya kacewere ku Tsangano. Nkhondo itatha mu 1992 tinabwerera kumudzi, ndipo mapepala a kucipatala anatayika m'njira pamodzi ndi zinthu zina zambiri. Zaka zonsezi nkhani ya kubadwa kwake takhala tikuikamba ngati yake yekha.

Zaka zingapo zapitazo mayiwo anagwa m'dimba, mbali imodzi ya thupi itafa, pakamwa patapindika. Kucipatala anati ndi sitiroko, magazi akhala akuthamanga kwa nthawi yaitali osadziwika. Anawafunsa za mcere, za fodya, za mowa. Za mimba ija palibe anafunsa, nawonso sanaone cifukwa coikambira. Ndani angalumikize zinthu zotalikirana zaka makumi atatu?

Madokotala ofufuza amazilumikiza. Mwana akabadwa masabata 37 asanakwane amatengedwa kuti wabadwa msanga. Ku Sweden anatsatira amayi opitirira 2 miliyoni amene anabereka pakati pa 1973 ndi 2015, ndipo anapeza kuti amene anabereka msanga ankadwala mtima kwambiri kuposa anzawo. Ciopsezo cinali cacikulu m'zaka khumi zoyamba, koma cinkaonekabe ngakhale patapita zaka zoposa 30, ndipo cinkakula mwana akabadwa msanga kwambiri. Anayerekezanso amayi a bere limodzi, wina wobereka msanga wina ayi, kusiyanako kunalipobe.

Mimba imayesa mtima. Magazi a woyembekezera amawonjezeka pafupifupi ndi theka, ndipo mtima ndi mitsempha ziyenera kusenza katundu yenseyo. Mitsempha ikakhala yofooka, nsengwa silandira magazi okwanira, ndipo nthawi zina mwana amatuluka kapena kutulutsidwa nthawi isanafike. Kufooka komweko kukhoza kukhala cete mpaka mayi atakula. N'cimodzimodzi kwa amene magazi anawathamanga ali oyembekezera, nkhope ndi manja n'kutupa, ena mpaka kukomoka. Kumudzi kutupa kotere timathamangira kunena kuti ndi mapasa, kapena timayamba kufufuza amene wasempha mwambo. Pamene akuluakulu akukambirana za tsempho, wina amutengere mayiyo kokayezetsa.

Sikuti mayi aliyense wobereka msanga adzadwala mtima. Kuno ana ambiri amabadwa msanga cifukwa ca malungo, kucepa kwa magazi, kapena kutenga mimba msungwana asanakhwime. Koma nkhaniyi ndi yathu kwambiri: lipoti la 2012 limene bungwe la zaumoyo padziko lonse linatulutsa ndi anzake linaika Malawi patsogolo pa maiko onse pa kubadwa msanga kwa ana, ndipo Mozambique inali pakati pa maiko khumi oyamba. Werengani amayi a m'mudzi mwanu amene anafungatirapo kamwana kotere, muona kuti si ocepa.

Ife a m'malire tili ndi vuto lathulathu. Sikelo timayambira ku Ulongwe, kubereka n'kukaberekera tsidya lina cifukwa ndiko kufupi, mankhwala n'kugula pamsika. Uku amati tensão, uko amati BP, makadi awiri, zilankhulo ziwiri, ndipo palibe namwino amene amaona mbiri yonse ya mayi mmodzi. Amene amaisunga yonse ndi mwiniwake basi, m'mutu mwake.

N'cifukwa cake ndimawauza azilamu anga ndi ana a akulu anga kuti akafika pamaso pa namwino, kaya apitira cifuwa kaya bondo, azinena okha kuti, "Ndinaberekapo mwana wosakwana masiku, ndiyezeni magazi." Kuyezako ndi kwa mphindi zocepa, ndi kacingwe komanga pamkono. Nambala ikamafika 140 pa 90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, pafunika cithandizo, ngakhale mutu usakupweteka, pakuti matendawa nthawi zambiri samveka m'thupi. Mankhwala ake sali ngati a malungo oti masiku atatu mwamaliza. Amamwedwa tsiku ndi tsiku, ndipo kuwasiya cifukwa mwayamba kupeza bwino n'kumene kumagwetsa anthu. Mcere wa m'ndiwo ucepe, pamodzi ndi timatumba ta zokometsera tija tadzaza m'misika, timene mcere wake ndi wambiri kuposa mmene lilime limamvera.

Azibambo, apa pali gawo lanu. Ndalama ya njinga yamoto imapezeka msanga mwana akatentha thupi. Ipezekenso kamodzi pa caka yoti mayi wake akayezetse, ngakhale mwanayo atamera kale ndevu.