Kyutekisi wa manja ogwira ntchito

Dandaulo limodzi ndimalimva paliponse pamene amayi takumana, kaya kumjigo, kaya podikira mapemphero: kyutekisi wa masiku ano ndi wabodza, ukapaka Loweruka, pofika Lachiwiri wabenthuka kale. Woimbidwa mlandu amakhala mnyamata woyala malonda pa tsiku la msika. Ine ndimaphunzitsa Chemistry ndi Biology pasukulu ya sekondale yoyendera kuno kumudzi, ndipo ndimagula pamsika womwewo, timabotolo tomweto. Wanga amatha sabata, nthawi zina kupitirira. Ndiye ndiloleni ndimuikire kumbuyo pang'ono mnyamatayo. Wabodza alipo ndithu, koma kawirikawiri chobenthula kyutekisi ndi madzi, mafuta ndi phuma lathu.

Chikhadabo chimaoneka chouma ngati nyanga, koma chimamwa madzi. Chinapangidwa ndi keratin, yemweyo wa tsitsi, woyalana timiyalomiyalo. Manja akakhalitsa m'beseni chikhadabo chimafufuma, chikauma chimabwerera m'chimake. Kyutekisi sangatsatire kufufuma ndi kufota kumeneku tsiku ndi tsiku, mapeto ake amang'aluka n'kuyamba kumatuka kunsonga. Tsono taonani zimene timachita ambirife. Loweruka m'mawa timachapa mulu wa zovala, kutsuka mbale, kukolopa, kusamba, kenako n'kukhala pakhonde kupaka kyutekisi kuti tikaoneke bwino kuukwati kapena kutchalitchi. Imeneyo ndiyo nthawi yoipitsitsa m'sabata yonse. Tapaka pa chikhadabo chofufuma, ndipo chikamafota usiku, utoto uja umatsala wopanda pogwira.

Ine ndimapaka Lamulungu masana, titadya, mbale zitatsukidwa, manja atakhala ola lathunthu osakhudza madzi. Madzi osamba a Lolemba ndimakhala nditatungiratu dzulo lake. Nsima yamadzulo amaphika ndi mng'ono wanga amene ndimakhala naye, ndipo tsiku limenelo ndimadya ndi supuni, ngakhale amandiseka kuti ndasanduka mzungu. Kyutekisi amaoneka wouma pakatha mphindi zochepa, koma kumeneko n'kuuma kwa pamwamba chabe. Kuti alimbe mpaka pansi pamafunika maola ambiri, ndipo nsima yamoto ndi madzi ofunda osambira m'manja zimamupeza adakali wanthete.

Za mafuta anthu saziganizira n'komwe. Tonse timadzola, ena Vaseline, ena glycerine, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene khungu limatuwa. Aliyense amene anayesapo kupenta chitseko chamafuta akudziwa kuti penti sagwira. Chimodzimodzinso apa. Ndisanapake ndimapukuta chikhadabo chilichonse ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti, uja wa pepo wogula m'golosale, n'kudikira kuti chiume. Mafuta abwere pambuyo, kyutekisi atauma, ndipo pamenepo ndi othandiza kwambiri, chifukwa chikhadabo chouma gwa chimasweka msanga n'kutenga utoto womwe.

M'kabotolomo muli nitrocellulose wosungunulidwa m'madzi ouluka msanga, ethyl acetate ndi butyl acetate. Fungo lija limene limadzaza nyumba ndi madziwo akuuluka, ndipo chotsala pachikhadabo ndi kachikopa kopyapyala ka utoto. Mukapaka mochindikala kuti muthane nazo kamodzi, pamwamba pamauma n'kutsekera madzi a pansi, ndiye mukangogwira chitenje pamadindika ulusi. Pakani mopyapyala kawiri, mukudikira mphindi ziwiri kapena zitatu pakati pake. Ulendo woyamba amaoneka wotuwa ngati simunachite kanthu, musadandaule. Ndipo ulendo uliwonse kabulashi kadutse kunsonga kwenikweni, m'mphepete mmene chikhadabo chathera, popeza madzi amalowera pamenepo. Kachinthu kakang'ono kameneka kamawonjezera masiku kuposa kugula botolo lodula.

Kumatauni amagulitsa base coat wopaka pansi ndi top coat wopaka pamwamba. Amene angathe agule, amathandiza, ndipo base coat amatetezanso chikhadabo kuti chisasanduke chachikasu ndi utoto wofiira. Kwa ife amene malipiro amatha mwezi usanafike pakati, botolo limodzi la kyutekisi wopanda mtundu, woyera ngati madzi uja, limakwanira. Ndimapaka pamwamba tsiku loyamba, n'kubwerezanso Lachitatu madzulo.

Mwina abambo ena owerenga afika pano akuti tsamba lawonongeka ndi nkhani ya zikhadabo. Ndiwayankhe pang'ono. Mphunzitsi amagwira ntchito ndi manja pamaso pa ana tsiku lonse: kulemba pabolodi, kuloza m'buku, kuchonga makope. Kwa atsikana ambiri a kuno, amayi olembedwa ntchito amene amawaona pafupi ndi ife ndi anamwino a pachipatala chaching'ono basi. Amatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo zimene aona zimalowa m'chithunzi chawo cha mkazi amene anapitiriza sukulu. Malamulo salola iwo kupaka, ndipo ine ndi mmodzi wa owatumiza kukachotsa. Sindingachite zimenezo ndi zala zooneka ngati khoma la nyumba yosiyidwa. Kwa ine kuli bwino chikhadabo chosapaka koma choyera kusiyana ndi chobenthukabenthuka.

N'chifukwa chake zanga ndimawenga zazifupi. Zazitali zimagunda bolodi, zimakola m'zovala pochapa, ndipo kunsi kwake kumabisala litsiro limene utoto umaliphimba kuti lisaoneke. Amene tinaona kolera wa 2022 ndi 2023 sitifunika kuuzidwa kawiri za manja ophikira ana. Chikhadabo chimakula pafupifupi mamilimita 3 pamwezi, choncho kuwenga pang'ono sabata iliyonse n'kokwanira. Choko nachonso chimaumitsa zala koopsa. Ndikatuluka m'kalasi ndimasamba m'manja n'kudzola pang'ono, osadikira madzulo.

Botolo lenilenilo timalizunza. Timaliika pawindo pamene dzuwa limawomba, m'nyumba yamalata ya mu Okutobala, kenako n'kumadabwa kuti walimba ngati phala la dzulo. Malo ake ndi m'sutikesi, pamthunzi, litaimirira. Pakamwa pa botolo pazipukutidwa musanatseke, apo ayi chitsekerero sichigwira ndipo madzi aja amathawa pang'onopang'ono. Musalikhutchumule, mumalowa timathovu. Lipukuseni pakati pa zikhato ngati mukupekesa moto. Akalimba, ambiri amathiramo remover. Amasungunuka inde, koma remover ntchito yake ndi kuwononga kachikopa kaja, ndiye mukapaka amakhala wosawala ndipo sachedwa kumatuka.

Pali zinthu ziwiri zimene sindiseka nazo. Kuno magetsi kulibe, ndipo nthawi yokhayo imene mayi amapeza mpata ndi usiku, pafupi ndi kandulo kapena koloboyi. Kyutekisi ndi remover, makamaka wa acetone, zimagwira moto msanga kwambiri, ngakhale mpweya wake wokha. Kuyanika zala pambaula kuti ziume msanga n'kuika moyo pachiswe, ndiponso kutentha kumangofewetsa utotowo. Chinacho ndi kupala kyutekisi wakale ndi lezala kapena mano. Pamodzi ndi utoto mumachotsa miyalo ya pamwamba ya chikhadabo, chimatsala chopyapyala ndi chokakala, ndipo wotsatirayo sagwiranso bwino. Amayi oyembekezera ndiwonjezere ichi: popita kusikelo siyani zikhadabo zosapaka. Achipatala akamafufuza kuchepa kwa magazi amayang'ana m'maso, m'zikhato ndi m'zikhadabo momwe.

Magolovesi a mphira ochapira amathandiza, kwa amene angapirire kusekedwa kumjigo. Ine ndimavala pokwecha mapoto pokha, chifukwa mchenga ndi phulusa palibe utoto umene ungalimbane nazo. Koma ikafika nyengo yokolola sindilimbana nazo n'komwe. Ndili ndi kamunda kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, ndipo kutonola chimanga ndi kuswa mtedza ndi ntchito ya chala chachikulu. Kuyambira Meyi mpaka matumba atasokedwa, timabotolo tanga timagona m'sutikesi, ndipo ana a Fomu 4 amalemba mayeso awo a MSCE akuona zala za madamu zili mbee.