Kodi Chidani Chinatimasulapo?

Msewu wochoka pa Clock Tower mu Blantyre kukafika ku Limbe, umene lero timautcha Masauko Chipembere Highway, ndi waufupi ndithu. Minibasi imaudutsa m'mphindi zochepa ngati palibe mdipiti wa galimoto pa Ginnery Corner. Komatu m'mbali mwa msewu umenewu muli malo ambiri amene anaona anthu atakwiya mpaka kufika podana. Pali Mandala, pali Clock Tower yomweyo, pali Kanjedza, ndipo chakumpoto kuli Ndirande. Funso limene landisautsa kwa nthawi yaitali ndi ili: kodi ufulu umene tikudyererawu unabwera chifukwa makolo athu ankakonda dziko lawo, kapena chifukwa ankadana ndi owapondereza? Kutchalitchi ndi kumzikiti yankho lake n'lodziwikiratu. Mbiri yokha ndiyo imayankha mozungulira.

Tiyambe ndi Mbusa John Chilembwe, amene nkhope yake timayenda nayo m'matumba pa ndalama za K500 ndi K2,000. Pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero anthu ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo okhalapo, ndipo woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, ankadziwika ndi chikoti komanso kutentha matchalitchi amene anthu a Chilembwe ankamanga. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu anamulowera m'nyumba namudula mutu mkazi wake akuona. M'mawa mwake, tsiku la Mulungu, Chilembwe analalikira ku Mbombwe mutuwo uli poonekera. Munthu sadula mnzake mutu chifukwa chosiyana maganizo chabe. Apa panali chidani, ndipo tisadzinamize. Agogo anga aakazi, amene anakulira ku Chiradzulu, ankalavulira pansi akangomva mawu oti thangata, ngakhale kuti iwo anabadwa Chilembwe atafa kale. Chidanicho anachita kuyamwa.

Koma Chilembwe yemweyo analamula kuti akazi ndi ana a azungu asavulazidwe, ndipo amene anatengedwa ku Magomero anabwerera amoyo. Mu Novembala 1914 iye anali atalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo yomwe sinali yawo. Wolemba kalata amakhala akukhulupirirabe kuti mdani wake ali ndi makutu. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti mbusayu anali ndi mkwiyo wokhala ndi malire, pamene ena mwa omutsatira anali ndi mabala amene sanafune malire alionse. Usiku womwewo gulu lina linabwera kuno ku Blantyre kudzalanda mfuti m'sitolo ya African Lakes Corporation ku Mandala. Linapeza mfuti zowerengeka, ndipo amene anafera pamenepo anali mlonda, munthu wakuda mnzawo. Pa 15 Januwale chaka chilichonse timapuma ntchito, koma mlondayo satchulidwa. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale, tchalitchi chake chinagwetsedwa, ndipo thangata linapitirira zaka zina zoposa 40.

Pa nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinakhazikitsidwa mu 1953, ndikuvomera kuti kudana nacho kunagwira ntchito. Mtumbuka, Myao, Mlomwe ndi Mchewa anapeza chinthu chimodzi choti anyansidwe nacho pamodzi, ndipo popanda zimenezo Dr Kamuzu Banda sakanapeza khamu limene linamulandira pa Chileka mu Julaye 1958. Zipolowe za pa Clock Tower, kumangidwa kwake pa 3 Malichi 1959, anthu oposa 1,000 amene anatsekeredwa ku Kanjedza ndi kwina, anthu oposa 50 amene anaphedwa m'dziko lonse: zonsezi zinangothira mafuta pamoto, ndipo pofika kumapeto kwa 1963 chitaganya chinali chitatha.

Vuto n'lakuti moto umapita kumene kwatsala tchire. Mzungu asananyamule n'komwe katundu wake, tinali titapeza kale dzina lotchulira m'bale wathu wosiyana nafe maganizo: kapirikoni. Chester Katsonga atayambitsa chipani chake mu 1960 anamutenthera nyumba. Mu Seputembala 1964, dziko litangokhala paufulu miyezi iwiri, nduna zimene zinamenya nawo nkhondo ya chitaganya, monga Chipembere, Kanyama Chiume ndi Orton Chirwa, zinasanduka zigawenga m'kamwa mwa anthu omwe ankaziimbira m'manja dzulo lake. Kenaka inafika nthawi ya a Mboni za Yehova, amene analetsedwa mu 1967 atakana kugula makhadi a chipani, ndipo mu 1972 zikwi za iwo zinathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia. Achinyamata amene ankawamenya sanaphunzire kumenya tsiku limenelo. Dzanja linali litazolowera kale. Chinasintha ndi msana wokha.

Mu Meyi 1992 ndinali mwana wa kupulaimale. Antchito a pa David Whitehead atanyanyala ntchito, mzinda wonse unagwedezeka. Ndimakumbuka amuna akuthamanga m'tinjira ta ku Ndirande atasenza shuga ndi sopo, ndi amayi anga akutikokera m'nyumba mfuti zikulira. Anthu ankathyola masitolo a PTC poti ankawaona ngati thumba la Kamuzu, koma atatha amenewo anathyolanso ena amene analibe mlandu. Anthu pafupifupi 40 anafa m'masiku amenewo. Ena amati popanda mwazi umenewo referendamu ya pa 14 Juni 1993 sikanachitika, ndipo sindingawatsutse kotheratu, pakuti boma linaona ndi maso kuti mantha atha. Komabe chimene chinatsegula pakamwa pa anthu chinali kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992, yomwe inanena za malipiro ochepa, maphunziro, zipatala ndi kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu, osatukwana munthu ndi mmodzi yemwe. Ndipo tsiku lovota anthu anaima pamzere mwakachetechete nasankha nyali.

Nkhani imene imandivuta kwambiri ndi ya Opareshoni Bwezani. Asilikali ndi a Payoniya ankadana kwa zaka zambiri; a Payoniya anali ndi mfuti zawozawo ndi makutu m'mudzi uliwonse, ndipo sankaopa msilikali kapena wapolisi. Atawombera asilikali awiri ku Mzuzu kumayambiriro kwa Disembala 1993, asilikali anatuluka m'mabalaki kukabwezera anzawo, naphwasula makampu a Payoniya m'masiku ochepa, ambiri n'kuthawira ku Mozambique. Kunali kubwezera, palibe dzina lina. Koma ndani angatsimikize kuti chisankho cha mu Meyi 1994 chikanayenda mwamtendere gulu limenelo likadali ndi zida? Apa ndiye pamene chidani chinabala chabwino, ndipo ndayesa kuchikana koma chikukanika kukanidwa. Chomwe ndimaona n'chakuti asilikaliwo, atamaliza, anabwerera m'mabalaki osalanda boma, chonsecho Kamuzu anali wodwala ndipo khomo linali lotseguka. Anadziwa polekezera. Si kawirikawiri munthu wodana ndi mnzake kudziwa zimenezo. Ku Rwanda, miyezi inayi yokha pambuyo pake, panalibe amene anadziwa.

Kudera kumene ndimakhala kuli bambo wina wachikulire amene aliyense amadziwa kuti anali wa Payoniya. Amagulitsa makala pafupi ndi msika. Akuluakulu ena mpaka lero sagula kwa iye, amalolera kuyenda mtunda kukagula kwina, ndipo amadziwa okha zimene anaona pa zipata za misika nthawi ya makhadi. Ana awo sadziwa kanthu, amangoti, "Agogo, tipatseni a K1,000." Pakagwa maliro bamboyu ndiye amayamba kufika ndi nkhuni, nakhala pamoto usiku wonse, moyang'anizana ndi anthu omwe samupatsa moni aja.