Kalata kwa mphwanga: za dokotala wovalanso yunifomu ya usilikali

Nkana West, Kitwe

Wokondedwa mphwanga,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe ku Ndola ndi maphunziro ako audokotalawo. Wafunsa za madokotala amene masiku onse amaona odwala m'chipatala cha anthu wamba, koma akaitanidwa amavala yunifomu n'kupita kukampu ya asilikali.

Mwambowu tinaulandira kwa Angerezi. Mu 1908 boma la Britain linakhazikitsa gulu lotchedwa Territorial Force, la anthu okhala pantchito zawo, ophunzira usilikali madzulo ndi pakampu ya pachaka, oitanidwa zinthu zikathina. Madokotala analimo ambiri, ndipo nzeru yake inali yomveka. Kulipira dokotala kuti azingodikira nkhondo n'kutaya ndalama, komanso manja osagwira odwala amaiwala ntchito. Mmodzi wa iwo, Noel Chavasse wa ku Liverpool, analandira mendulo ya Victoria Cross kawiri chifukwa chotola ovulala zipolopolo zili kulira. Anafa ndi mabala mu 1917, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Nkhondo yomweyo inafika kwathu kuno, ndipo mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anadzatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918. Makolo athu ambiri anapita ngati amtengatenga, katundu pamutu, mapazi osavala. Amene anawamaliza kwambiri ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala, chifukwa wowayang'anira thanzi anali wosowa. Ichi uchisunge: pankhondo ntchito yaikulu ya dokotala ndi madzi akumwa, zimbudzi ndi udzudzu. Kusoka mabala kumabwera pambuyo.

Mu 1933 kunabadwa Northern Rhodesia Regiment. Mayina a mabalaki amene umawadutsa ku Ndola ndi malo amene asilikali a kuno anamenyerako nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Tug Argan ili ku Somaliland, kumene anakumana ndi Ataliyana mu Ogasiti 1940, pamene Kalewa ili ku Burma, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin, dziko la mvula ndi malungo.

Nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, usilikali wa apo ndi apowu unafikadi pamigodi pano, koma unali wa azungu. Anyamata achizungu ankaphunzitsidwa mokakamizidwa n'kulowa m'magulu a Royal Rhodesia Regiment, kwinaku akugwira ntchito zawo pamgodi kapena muofesi, ndipo zaumoyo zinali m'manja mwa Rhodesia and Nyasaland Army Medical Corps. Munthu wakuda ankalembedwa usilikali wa nthawi zonse, pansi pa ofisala wachizungu. Nanga dokotala wakuda akanachokera kuti? Sukulu ya udokotala ya pa University of Zambia inayamba mu 1966, ufulu titaulandira kale.

Titadzilamulira, malire athu ndi Rhodesia, Mozambique ndi Angola anali amoto, choncho boma la a Kaunda linafuna nzika zodziwa mfuti. Lamulo la Zambia National Service linabwera mu 1971, ndipo patapita zaka zochepa omaliza Fomu 5 ankapita kukampu, afune asafune. Chimene chinathandiza kuthetsa kukakamizaku cha m'ma 1980 ndi matenda a tayifodi amene anapha achinyamata m'makampu. Phunziro la amtengatenga lija tinali tisanalimve.

Lero asilikali athu amadalira kwambiri madokotala awoawo olembedwa ntchito, monga a ku Maina Soko ku Lusaka. Kolera atavuta mu 2018, ndiponso mu 2024, odwala anagonekedwa pa National Heroes Stadium, ndipo asilikali anagwira ntchito limodzi ndi anthu a Unduna wa Zaumoyo. Ine ndimaona kuti pamenepo ndi pamene dokotala wodziwa mbali zonse ziwiri amafunika koposa.

Ngati mtima wako uli komweko, maliza kaye maphunziro, ugwire ntchito m'mawodi mpaka manja akhwime. Ukakafunsa kwa olemba asilikali, ukamvetsetse kuti akukumanga zaka zingati, ndiponso amene adzaone odwala ako ukaitanidwa ndani. Usasaine pepala usanandionetse.

Upereke moni kwa azakhali.

Ndine mkulu wako.